Mwana wa M'foni ya McDonald

Foni ya McDonald Jere inafika ku Mzimba patatha sabata mwini wake ataikidwa m'manda. Anabwera nayo ndi Bennet, mnzake wa pamacheka ku Luwawa, ataikulunga m'kapulasitiki ka shuga. Anati anaitola pansi pa lole, pafupi ndi pamene zipika za paini zinamugwera McDonald unyolo utaduka. Galasi lake linali ndi mng'alu kuchokera pakona mpaka pakati, koma inkayakabe.

Walusungu, mkazi wa malemuyo, anailandira ndi manja awiri, n'kunena kuti yewo, kenako anaiponya m'dirowa ya makina ake osokera. Iye anali telala wa pakhonde la sitolo ina pafupi ndi msika wa pa boma. Foniyo sankaikonda ngakhale mwamuna wake ali moyo. McDonald akabwera pakutha pa mwezi, ankakhala tsonga pampando, maso pagalasi, tiyi mpaka kuzizira. Ankasewera gemu ina ya dzina lachizungu, imene anzake a ku Luwawa ankangoti gemu ya minda.

“Ndi yaulere iyi, NyaGondwe,” ankatero, pomutchula mkazi wake ndi dzina la kwawo.

“Ngati ndi yaulere, mayunitsi akuthera kuti?”

“Wofuna amagula timiyala tagolide kuti zinthu zifulumire. Palibe wokakamiza. Ife ogula pang'onofe ndi amene tikuchititsa kuti ena onse asewere osalipira. Nanga opanga gemuyo adye chiyani?”

“Nyambo nayonso nsomba imapatsidwa ulere,” Walusungu ankayankha, nkhani n'kuthera pomwepo.

Foniyo anaitchaja chifukwa akuntchito anati adzaimba pa nambala imeneyo. Koma chimene chinayamba kubwera si mawu a akuntchito. Tsiku lililonse dzuwa likafika paliwombo, dirowa inkanjenjemera kawiri pansi pa dzanja lake. Uthenga unali wa Chingerezi chosavuta: McDonald, ng'ombe zanu zili ndi njala. Tsiku lachitatu unati: McDonald, a kwanu akukudikirani.

Anaitsegula ndi cholinga choti aithimitse. M'malo mwake anaona mudzi. Panali khola, dimba la kabichi, mjigo, ndi nyumba ya malata obiriwira yokhala ndi khonde lalitali, yofanana ndendende ndi imene McDonald ankajambula m'dothi ndi kamtengo akamanena za malo awo a ku Euthini. Pabwalo pankayenda tianthu titatu, aliyense ndi dzina pamwamba pa mutu. Wachipewa anali Mac. Wa diresi yofiira anali Walu. Wachitatu anali kamtsikana kothamangitsa nkhuku, ndipo dzina lake linali Emmie.

Walusungu anayandikitsa foniyo kumaso. Emmie anali mwana wawo mmodzi yekhayo, amene anamwalira ndi chibayo ali ndi zaka ziwiri, zaka zitatu zapitazo. Chiikireni mwanayo, McDonald sanatchulepo dzina lake ngakhale kamodzi, mpaka mkazi wake anafika poganiza kuti anakwatiwa ndi munthu wa mtima wa mwala. Koma uyu m'fonimu sanali wa zaka ziwiri. Anali atakula, wamiyendo yaitali, wa msinkhu umene akanakhala nawo lero. Atakanikiza pa kamtsikanako, panatseguka kabati yodzaza: nsapato zachikasu, madiresi asanu ndi limodzi, chidole, kambulera. Chilichonse chinali chogula ndi timiyala tagolide tija.

Tsiku limenelo sanasoke. Mayi wina amene anabwera kudzatenga yunifolomu ya mwana wake anabwerera chimanjamanja.

Poyamba ankangodyetsa ng'ombe ndi kuthirira dimba, zimene sizinkafuna ndalama. Ankaika foni pambali pa makina n'kumamuyang'ana Emmie akutunga madzi. Kenako Lachisanu lina mwanayo sanatuluke panja. Anamupeza atagona pabedi, nkhope itasanduka yotuwa, pamwamba pake pali kawotchi kowerenga nthawi chobwerera m'mbuyo. Gemu inati mankhwala aulere afika pakatha masiku atatu. Kawotchi kanali ndi tsiku limodzi lokha. Pansi pake panali batani lagolide.

Anathamangira kwa ajenti wa pakona osavala ngakhale nsapato bwino. Atalipira, Emmie anadzuka nthawi yomweyo, nadumpha, timitima tofiira tikutuluka pamutu pake. Walusungu anaseka, kenako analira pamaso pa anthu odutsa.

Matendawo anabweranso sabata yotsatira. Anabweranso patatha masiku anayi. Anazindikira kuti akangotanganidwa ndi ntchito tsiku lathunthu osatsegula foni, mawa lake mwana amadwala. Chinanso chinali chakuti kamunthu ka Mac kanasiya kulima. Kankangoima pampanda, kumbali imene kunali mng'alu wa galasi, katayang'ana kunja, ngati kakuyang'ana iye.

Anapita ndi foniyo kwa Rahim, wokonza mafoni wa mumsika, amene kabenchi kake kanali pakati pa ogulitsa nsalu ndi ogulitsa mapoto. Rahim anamvetsera uku akupukuta magalasi a m'maso.

“Mayi, musaope. Mulibe mzimu umu,” anatero. “Kutali uko kuli makina amene amaona chimene munthu aliyense amalipirira. Wina amalipirira ng'ombe, amamudwalitsira ng'ombe. Bambo aja ankalipirira mwana, inunso mwalipirira mwana. Basi, adziwa pokugwirani.”

“Nanga uyu waimayu?”

“Simunamupatse ntchito. Mukamutuma akalima.”

“Ndamutuma kangapo. Sapita.”

Rahim anakanikiza kamunthuko kawiri, katatu. Sikanasunthe. “Mwina ndi galasi losweka ili,” anatero, koma anabweza foniyo msanga. “Gemu zina ndi zabwino, mayi, ana anga amasewera osalipira kanthu. Koma iyi ndikufufutireni.”

“Mawa,” Walusungu anatero.

Mawa lake m'mudzi muja munafika bokosi lomangidwa ndi riboni. Uthenga unati: Mac wakutumizirani mphatso. M'katimo munali makina osokera amagetsi, oyera, ndipo kamunthu ka Walu kanakhala pansi n'kuyamba kusoka pakhonde. McDonald anali atamulonjeza makina otero mwezi womwe anafa, ali awiriwiri m'nyumba, foni ili patebulo. Walusungu sanabwererenso kwa Rahim. Ankadziwa kale kuti adzanena kuti mphatso zotero amapatsa aliyense.

Mu Juni akuntchito anamuitana kuti akatenge katundu wa mwamuna wake ku Luwawa. Tsiku limenelo anayatsa foni m'mawa asananyamuke, napeza Emmie atangoyamba kudwala, kawotchi kakusonyeza maola asanu. Kwa ajenti kunali kusanatsegulidwe, choncho anati alipira akafika. Anakwera minibasi mpaka pamphambano, pomwe anangogula mayunitsi n'kuthamangira lole ya matabwa yopita m'nkhalango.

Ku Luwawa kunali nkhungu ngakhale inali nthawi ya masana. Mitengo ya paini inaima m'mizere yowongoka, yonse yofanana, pansi pake popanda udzu, popanda mbalame. Macheka ankamveka patali, osaoneka. Bennet anamulandira pamsasa n'kumupatsa chikwama: ovolosi, gumbutsi, bulangete, sipuni imodzi.

“Mlamu,” anatero Bennet, akuyang'ana pansi, “pali chimene ndikufuna ndifunse. Gemu ija mumasewera ndinu?”

“Ndimangodyetsa ziweto.”

“Mumasewera teni koloko m'mawa?”

“Ayi. M'mawa ndimathimitsa kuti batire isathe. Ndimayatsa masana.”

Bennet anadzutsa mutu. “Tinali asanu m'gulu limodzi m'gemumo. Munthu akalowa, dzina lake limayaka zobiriwira. La Mac limayaka teni koloko iliyonse, nthawi ya tiyi, monga ankachitira. Limakhala mphindi khumi ndi zisanu, belu likalira mbwenu lazima. Tonse anayi tinasiya kusewera. Tikuopa chomene.”

Walusungu anaika chikwamacho pansi. Anatulutsa foni. Kawotchi kanatsala ndi mphindi makumi anayi, ndipo netiweki panalibe ngakhale kadontho.

“Imagwira pati kuno?”

“Pamtunda apo, pomwe timapakira zipika. Koma mlamu, ndi pomwe paja...”

Anali atayamba kale kuthamanga. Njira inali yoterera ndi masamba a paini onyowa. Anagwa kamodzi, bondo linasupuka, anadzuka foni ili m'mwamba ngati nyali. Nkhungu inamutsekera kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo mzere uliwonse wa mitengo unkafanana ndi umene wangodutsa. Anasochera. Anakuwa dzina la Bennet, mawu ake anamira pomwepo. Kawotchi kankatsikabe. Anakumbukira kuti zaka zitatu zapitazo anathamanganso chonchi, mwana ali kumsana, akufunafuna kabaza wopita kuchipatala, ndipo sanafike pa nthawi yake.

Anaona manambala akufika pa ziro ali pakati pa mitengo. Galasi linada. Anakhala pansi pachitsa, osatha ngakhale kulira.

Sanadziwe kuti anakhala nthawi yaitali bwanji. Nkhungu itapepuka pang'ono, anaona kuti chitsacho chinali m'mphepete mwa bwalo lopondedwa ndi matayala a malole, ndipo pambali pake panali unyolo wadzimbiri wodukaduka. Foni inanjenjemera kawiri m'dzanja lake.

Emmie anali panja, akuthamangitsa nkhuku. Pansi panalembedwa kuti: Mankhwala alipiridwa. Zikomo, Mac. Ndipo pampanda panalibe munthu. Kamunthu kachipewa kanali pakhonde, katakhala pampando, kakuyang'ana mwanayo.

Bennet anamupeza pamenepo. Analumbira kuti sanalipire ndi iye, kuti gemuyo anaichotsa m'foni mwake kalekale. Patapita masiku anakumana ndi Rahim mumsika, naye anati gemu ikaona kuti munthu watsala pang'ono kuthawa, imamupatsa kamodzi kaulere kuti abwerere. Zinali zomveka. Walusungu anavomera ndi mutu. Koma chichokereni ku Luwawa sanayatsenso foniyo. Mtima wake unkamuuza kuti ngati ali makina, ndiye kuti akusewera ndi maliro a mwana wake. Ngati si makina, ndiye kuti mwanayo ali ndi womusamala kale, ndipo iye wamoyo alibe malo pakhonde limenelo.

Mu Ogasiti abale anakumana ku Euthini kugawa katundu wa malemu. Njinga inapita kwa amalume, gumbutsi kwa msuweni. Foni anaipempha Limbikani, mng'ono wake wa McDonald, mlimi wa fodya, munthu wansangala amene sankakhala pansi.

“Mlamu, musanaigwiritse ntchito mukaifufutitse zonse,” Walusungu anamuuza. “Musatsegule kanthu. Ndapota.”

Limbikani anaseka. “Ine za magemu ndilibe nazo nthawi, mlamu. Ndikufuna yomvera mitengo ya fodya basi.”

Moyo unabwerera m'malo mwake pang'onopang'ono. Walusungu anapeza oda ya mayunifolomu a kwaya ya mpingo, anasamukira pakhonde lalikulupo, anayambanso kuseka ndi amayi ogulitsa tomato.

Anakumananso ndi Limbikani chaka chotsatira, m'mwezi wozizira, Lachiwiri masana, pamzere wa kwa ajenti wa pakona. Poyamba sanamuzindikire. Anali ataonda, ndevu zosameta, malaya atamangidwa mabatani mosemphana. Anthu ankamukankha kuti asunthe, iye maso ali pagalasi losweka lija.

“Mlamu Limbikani! Mwabwera liti pa boma? Kumudzi kuli bwanji?”

Anadzutsa mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene waitanidwa ali kutali. Atamuzindikira anamwetulira.

“Kumudzi kuli bwino, mlamu. Akulu anga a Mac amanga khitchini yatsopano.” Anayandikira n'kutsitsa mawu. “Emmie wayamba sitandade wani. Amafunsa za inu.”

Anatambasula dzanja kuti amuonetse. Walusungu anatembenuzira nkhope kumbali, nayang'ana msewu, akabaza, fumbi louluka ndi mphepo ya mwera. Anafuna kumukalipira, kumulanda foniyo n'kuiponda ndi chidendene pamaso pa anthu onse. Anakonza mtolo wa nsalu pamutu pake, nayenda masitepe atatu. Kenako anaima, osacheuka.

“Kukuzizira,” anatero. “Wavala juzi?”