A Telala ndi Shuga Wogogoda Pakhomo

A Telala anasoka madiresi kwa zaka makumi atatu m'kashopu ka pafupi ndi siteji ya mabasi, ndipo miyezo ya makasitomala awo ankaisunga pamtima. Choncho chiuno chawo chomwe chitayamba kukula, sanachedwe kuzindikira. Panali patapita zaka zinayi chisiyireni msambo. Miyendo ndi manja zinali momwemo, koma mimba inkangotsogola. Kumbuyo kwa khosi kunada ngati kuli litsiro, pachibwano panamera titsitsi touma, ndipo akangodya masana tulo tinkawapeza pamakina.

Alamu awo, mkazi wa achimwene awo, ankagulitsa ulusi ndi mabatani pashopu yoyandikana. Atamva dandaulolo anaseka.

"Mlamu, kumeneko ndiye kukhala bwino. Mayi wamkulu azioneka kuti amadya. Khosilo kwecheni ndi mwala, mudzolepo mafuta oyeretsa."

A Telala anakwecha mpaka khungu kutupa, koma kuda sikunachoke. Tsiku lina anasinza akusoka yunifolomu, singano n'kuwaboola chala. Kuchipatala, namwino amene ankawamanga bala anaona khosi lija, nawafunsa za msambo, za tulo komanso ngati m'banja mwawo munali wodwala shuga. Anayankha kuti mayi awo anamwalira atadulidwa mwendo. Namwinoyo anakambirana ndi dokotala, ndipo anawatenga magazi.

Zotsatira zitabwera, namwino anawakhazika pansi. Anafotokoza kuti chiwindi chimapanga puloteni ina imene imanyamula mahomoni m'magazi, ndipo mwa iwo inali yochepa. Kwa amayi osiya msambo, kuchepa kwake nthawi zambiri kumayendera limodzi ndi thupi limene layamba kusamvera insulini, yomwe imalowetsa shuga m'minofu. Kuda kwa khosi ndi mafuta a pamimba zinkaloza komweko.

"Ndiye kuti ndadwala shuga?" anafunsa a Telala.

"Simunadwale, mayi, koma shuga wanu wakwerako pang'ono. Wafika pakhomo, akugogoda. Mukasintha kadyedwe n'kumayenda, mukhoza kumubweza."

A Telala sanali munthu woyamba chinthu n'kuchisiyira panjira. M'mawa mwake anasiya basi n'kuyenda wapansi mphindi makumi anayi kupita kushopu. Masupuni atatu a shuga m'tiyi anatsika kufika imodzi, kenaka anatheratu. Zakumwa zotsekemera anazisiya, mbale anaidzaza masamba ndi nyemba. Sabata zoyamba mawondo ankaphwanya, ndipo alamu awo ankawafunsa tsiku ndi tsiku ngati basi yawathawanso.

Sanathere pa iwo okha. Mayi wa msinkhu wawo akabwera kudzayezetsa diresi, iwo n'kuona kuti chiuno chadumpha kuposa chaka chatha, ankatsitsa mawu n'kumuuza nkhani yawo, namulangiza kukayezetsa magazi. Mmodzi anakwiya, anatenga nsalu yake osabweranso. A Telala zinawawawa, koma sanaleke. Amayi asanu anapitadi kuchipatala, ndipo awiri anapezeka kuti shuga wawo wakwera iwo osadziwa.

Patatha miyezi isanu ndi itatu, namwino anayang'ana zotsatira zatsopano n'kumwetulira. Shuga anali atabwerera m'malo mwake. Anawapempha kuti azibwera kudzalankhula ndi amayi anzawo pamzere wa odwala, chifukwa mawu a mnzako amalowa msanga kuposa a munthu wovala zoyera.

Nthawi yomweyo alamu aja anayamba kutsimphina. Anali ndi kachilonda kuchala cha phazi kamene kanatha mwezi osapola, ndipo ludzu silinkawatha. Ankabisa phazilo pansi pa tebulo, kuopa kusekedwa ndi munthu amene iwo anamuseka. A Telala ataona, anatseka shopu dzuwa lili paliwombo, ntchito ili mulu.

"Dzukani, mlamu, tipite. Mwendo wa amayi ndinaulira, wanu sindikufuna kuulira."

Panjira sanawakumbutse kalikonse. Kuchipatala alamuwo anapezeka ndi matenda a shuga, anayamba mankhwala tsiku lomwelo, ndipo dokotala anati akanachedwa pang'ono chalacho chikanadulidwa. Chilondacho chinapola patatha milungu isanu ndi umodzi.

Phunziro: Mayi akasiya msambo, kukula kwa mimba, kuda kwa khosi ndi kutopa akangodya si zongoti ndi ukalamba. Pitani mukayezetse magazi msanga, ndipo potero mutengenso mnzanu.