Nércia ndi Kamyau ya Mbatatesi

Raul anachoka pang'onopang'ono. Ankayendetsa kamyau, galimoto yaikulu yonyamula katundu, pakati pa Beira ndi Malawi, ndipo poyamba ankagona kunyumba ku Matundo, ku Tete, ulendo uliwonse akawoloka Zambezi. Kenaka anayamba kungoima pamsewu, kumwa madzi n'kupitirira. Pomaliza mnzake wina ndiye anabwera kudzauza Nércia, mkazi wa Raul, kuti mwamunayo wamanga banja lina ku Dondo. M'nyumba munatsala malaya ake ndi telefoni yakale yong'aluka galasi.

Nércia anali wa ku Ulongwe, ku Angónia. Mwana wake Cátia anamutumiza kwa agogo ake kumudzi, pakuti tomato amene ankagulitsa pamsika sakanadyetsa anthu awiri. Anansi ake ankacheza m'Chinyungwe. Iye ankamva ndithu zina, koma akati ayankhe, nkhani inali itapita kale patsogolo. Ankangomwetulira n'kulowa m'nyumba.

Dzuwa la ku Tete likafika pamutu, msika unkati zii. Nércia ankabwerera kunyumba n'kugona pa simenti, malata akuthetheka pamwamba pake. Masana ena, posowa chochita, anayatsa telefoni ija n'kupezamo masewera amene Raul ankawakonda: kamyau yonyamula katundu, msewu wautali, ndi kachiwongolero kotembenuza ndi chala. Pamwamba panalembedwa dzina la woyendetsa, Raul.

Kamyauyo anaigwetsera m'chigwa mwadala. Anayambiranso n'kuiombetsa pamtengo. Anachita zimenezi masiku angapo, mpaka mkwiyo unamuthera m'zala, n'kuyamba kufuna kuona kumene msewuwo unkathera.

Kupita kutsogolo sikunamuvute. Chinamuvuta n'kubwerera m'mbuyo. Akafika nawo katundu, masewerawo ankafuna kuti alowetse kamyau chafutambuyo pamalo opanikiza, akuyang'ana m'magalasi a m'mbali mokha. Ankagunda khoma, n'kuyambiranso. Pang'onopang'ono anazindikira kuti galimoto yaitali imakhota mochedwa, kuti yolemedwa umayamba kuiimitsa ukadali patali, ndiponso kuti kumbuyo kwake kuli malo amene woyendetsa saona ngakhale atatong'ola maso bwanji. Analibe womuuza zimenezi. Nthawi zina ankazilankhula yekha mokweza, kuti m'nyumba mumveke mawu.

M'mawa wina pamsika panafika kamyau ya mbatatesi yochokera ku Angónia. Mwini wake anali Dona Elena, mayi wamalonda wa ku Tsangano, ndipo woyendetsa anali bambo watsopano dzina lake Nelito. Kanjira kolowera kotsitsira katundu kanali kopapatiza, mbali iyi matebulo a anyezi, mbali inayo khoma. Anthu anaunjikana kumbuyo, aliyense akukuwa zake. Nelito anayesa, anabwerera, anayesanso, thukuta lili kamukamu.

Nércia anaona kuti onse okuwawo aima pamene Nelito sangawaone. Anasiya tomato wake, anapita kumbali mpaka anaona nkhope ya bamboyo m'galasi, n'kukweza dzanja. Maso awo atakumana, anayamba kumukodola pang'onopang'ono. Anamulozera kuti akhote asanafike pangodya, anamuimitsa, anamuwongola. Kamyau inalowa osakhudza ngakhale anyezi mmodzi.

Katundu akutsitsidwa, Dona Elena anabwera patebulo la Nércia.

"Mana, mchemwali wanga, munayendetsako galimoto?"

"Ayi, mayi. Sindinagwirepo chiwongolero."

"Nanga zimenezi munazidziwira kuti?"

Nércia anayang'ana pansi. "Pa telefoni. Muli masewera a kamyau."

Amayi a patebulo loyandikana anaseka. Dona Elena sanaseke. Anatola tomato mmodzi, anamutembenuza m'manja, n'kumubwezera pamulu.

"Oyendetsa anga sakhalitsa, amathawira ku migodi ya ku Moatize," anatero. "Mukadzapeza karata yoyendetsera galimoto, mudzandifunefune."

Zinamutengera Nércia nthawi yaitali kuti alimbe mtima. Sukulu yoyendetsa galimoto inali kutsidya kwa Zambezi, ndipo ankawoloka mlatho pa chapa, minibasi ya kumeneko, atatseka malonda. M'kalasi mkazi anali yekha, ndipo Chipwitikizi cha m'buku la malamulo a pamsewu chinkamupweteka mutu. Galimoto yeniyeni inamuchititsa manyazi. Inkanjenjemera, inkanunkha mafuta, ndipo phazi lake likangochoka msanga pa chopondera, injini inkazima pakati pa msewu. Telefoni sinamuphunzitse zimenezo.

Koma atafika pobwerera m'mbuyo, mphunzitsi wake, Senhor Bruno, anangopinda manja.

"Dona Nércia, miyendo yanu ndi yachilendo, koma maso anu ndi akale," anatero galimoto itaima. "Ambiri amaopa galasi. Inu mumalikhulupirira."

Mayeso oyamba analephera, injini itamuzimira pachitunda. Tsiku limenelo anabwerera wapansi kuwoloka mlatho wonse, makamyau akumudutsa, ndipo sanayang'ane nkhope ya woyendetsa aliyense. Kachiwiri anakhoza. Anaika karata m'chikwama, anakwera chapa, n'kukhala pakati pa anthu osawadziwa, chikwamacho atachikumbatira pachifuwa. Kunyumba anaphika tiyi n'kumwa yekha.

Dona Elena anasunga mawu ake. Miyezi yoyamba Nércia ankakhala pambali pa Nelito, kenaka anapatsidwa kamyau yaing'ono kuti akatenge mbatatesi ku Ulongwe. Anakwera mapiri, mitengo ya malambe ikutsalira m'mbuyo, mpaka mphepo yozizira ya kwawo inayamba kulowa pazenera.

Atafika pakhomo pa amayi ake, ana a m'mudzi anazungulira galimoto. Cátia anali atatalika. Anaima kumbuyo kwa agogo ake, akuyang'ana mayi wovala buluku amene anatsika kumpando wa woyendetsa.

"Si amako awa? Pita ukawalonjere," anatero agogowo.

Mwanayo anabwera, anagwada, n'kupereka moni wa alendo. Nércia anamugwira dzanja osalisiya msanga. Anacheza pang'ono pakhonde, pakuti matumba ankamudikira kumunda ndipo Dona Elena ankafuna katundu afike tsiku lomwelo. Pochoka, Cátia anamuperekeza mpaka pagalimoto, n'kukhudza tayala ndi chala.

"Mumayendetsa nokha, amayi?"

"Ndekha."

"Simuopa?"

"Nthawi zina ndimaopa."

Mwanayo anaganiza kaye. "Sukulu ikatsekera mudzanditenge."

Nércia anavomera. Anakweza matumba, anamanga zingwe, n'kuyamba kutsetsereka kulowera ku Tete, kamyau italemera. Pampando wa pambali pake panali kamtolo ka mapichesi kamene amayi ake anamupatsira. Anadya limodzi ali pa Zobwe, ndipo otsalawo anaganiza zokagawira anansi ake ku Matundo.