Nambala ya Pakhoma

Mayi wa mapasa anafika ku ofesi ya kazembe wa dziko lakwawo chitseko chisanatsegulidwe, envulopu ya mapepala ataifungatira ngati khanda lachitatu. Mwamuna wake, makaniko wobadwira m'dziko lachilendoli, anakhala pabenchi ndi anawo, wina bondo ili, wina bondo ilo. Zaka khumi ndi chimodzi zinali zitadutsa mayiyu asanaponde kwawo, ndipo ankafuna kuti onse anayi apitire limodzi.

Kalaliki wapawindo, bambo wa magalasi okhuthala, anafotokoza mosathamanga. Ana analibe vuto, akalowa pa unzika wa mayi awo. Nkhani inali pa bambowo. Akanatha kutenga viza ya alendo, miyezi itatu yokha, osagwira ntchito, kenako n'kubwerera okha. Apo ayi, chilolezo cha mwamuna wa nzika, cha zaka ziwiri, koma chimenecho chinkafuna adiresi yeniyeni ya nyumba yokafikira. Mafomu ankalandira mpaka 12 koloko. Ukaphonya, mwezi wamawa.

Mayiyo anali atalemba kale adiresiyo, tizilembo tosefukira m'mphepete mwa fomu: mukadutsa sukulu mukhote pa telala, nyumba yachitatu, pali mtengo wa mapeyala.

"Mayi, izi n'zolondolera mlendo," anatero kalaliki, akumwetulira. "Kompyuta siidziwa telala. Ikufuna nambala ya puloti."

Mayiyo anayang'ananso fomu yake. Malo a nambalayo ankawadziwa, kumanzere kwa chitseko cha nyumba yakwawo, koma nambala yeniyeniyo ayi. Ndi iye yemwe amene anaikwirira ndi laimu ali Fomu 2, tsiku limene amayi ake anamutuma kupaka khoma, iye n'kupaka chilichonse, ndi swichi ya magetsi yomwe. Anadzudzulidwa sabata yathunthu.

Anatulukira m'khonde n'kuimbira achimwene ake. Iwo anayamba ndi kuseka. Anati telalayo anamwalira kalekale, pamalopo pano akugulitsa mafoni, ndipo mtengo uja anadula chifukwa mizu inkang'amba khoma. Alamu akanatsata mapu amenewo akanagona panja. Mapepala a nyumba? Ali m'sutikesi ya malemu bambo, kiyi wake anatayika.

"Achimwene, chonde, tengani supuni mupale khomalo. Kumanzere, pamene pamafika phewa langa."

"Phewa lako la liti? La Fomu 2?"

Maso ali pa wotchi, khutu lili pafoni, anamva supuni ikukwecha. Kuseri kwa phokosolo mpopi wapanja unkathira madzi m'chidebe chachitsulo, mawu ake omwe aja, ndipo ana asukulu ankaweruka akukuwa. Mwamuna wake anamuyang'ana kudzera pagalasi, nsidze zili m'mwamba. Iye anangokweza chala kuti adikire.

Kenako panamveka mawu ena, okalamba kuposa mmene ankawakumbukirira, akufunsa kuti ndani akuwononga khoma lawo. Achimwene anafotokoza akupalabe. Inatuluka 4, kenako 1, ndipo yomaliza anakangana nayo kaye ngati ndi 7 kapena 2.

"Ndi 7," anatero amayi, atalanda foni. "Bambo ako analemba okha ndi utoto wotsala wa njinga. Ndiye uwauze apongozi angawo abwere ndi bulashi. Khoma langa silikhala ndi chipsera."

Mayi wa mapasa uja anabwerera pawindo n'kulemba 417 mothamanga, 7 n'kupendekeka. Kalaliki anaiyang'anitsitsa, anayang'ananso wotchi, n'kukoka chidindo.