Miyala ya ku Shenandoah

Ine zogona m'tchire sindigwirizana nazo. Munthu uli ndi bedi lako ku Annandale, sabata yonse wakhala ukunyamula nkhalamba za eni kuntchito mpaka msana kuuma, ndiye Loweruka ukagone pansi ngati ulibe kwanu? Koma mwana wanga Tasha, amene akuphunzira za miyala ku koleji, anakakamira. Akuti azakhali ake asabwerere ku Malawi asanaone mapiri a Shenandoah, kumene kalekale nthaka inkalavula moto. Ndinati chabwino, mwana akalirira nyanga ya nsatsi msemere.

Azakhali akewo ndi akulu anga, a Ellah. Anabwera kuchokera ku Blantyre kudzapumako, ndipo inali sabata yawo yomaliza. Chichitikireni namondwe wa Freddy, pamene matope ochokera m'phiri la Soche anakokolola nyumba yawo ku Chilobwe amuna awo a Melvin ali momwemo, a Ellah anali asanatchulepo dzina la malemuwo. Thupi silinapezeke. Pafoni ankangoti, "Tili bwino." Kwathu kuno ankangochapa, kusita, kukolopa pokolopa kale. Zinkandipweteka mtima kwambiri. Ndinkafuna alire kamodzi kokha ine ndilipo, asakwerenso ndege ndi chinthucho pachifuwa.

Tinafika kumalo ogonera a m'paki ya mapiriwo dzuwa litapendeka. Ine ndi Tasha tinayamba kukangana pomanga tenti kuti chitsulo ichi chilowa pati, iye m'Chingerezi, ine m'Chichewa. Potembenuka tinapeza a Ellah atagwada, akukumba kangalande kuzungulira tenti ndi chivindikiro cha poto. Apo m'pamene ndinakumbukira kuti anakhala miyezi yambiri mu tenti, pabwalo la sukulu, pamodzi ndi anzawo othawa madzi. Mayo ine! Tinamutenga munthu kudzamusangalatsa ndi phiri komanso tenti.

Posakhalitsa panafika mayi wina wolondera pakiyo, chipewa chake chachikulu. Anayankhula mwaulemu ndithu kuti pano sakumba, nthaka imakokoloka. Ine magazi anathamanga. Kukokoloka? Akumuuza ndani za kukokoloka? Ndinali nditatsegula kale pakamwa, koma a Ellah anandikoka chitenje.

"Rosina, khala chete. Kwa eni kuno."

Anakwirira okha kangalandeko, n'kupondaponda bwinobwino, n'kuwazapo masamba. Chakudya chamadzulo anadya pang'ono. Ndinamunong'oneza Tasha kuti kukacha tipakire tizipita, zokwera phirizo zatha. A Ellah anamva. Anati ayi, mwana wakonza ulendo, tikaone miyala yakeyo.

M'mawa tinayenda pang'ono pagalimoto, kenako tinalowa kanjira ka m'nkhalango. Kunali bata, kamphepo kozizirira, agologolo ali yakaliyakali m'masamba ouma. Ine ndinkapuma ngati ng'ombe yokoka ngolo, pamene a Ellah, munthu wamkulu, ankangokwera manja ali kumbuyo. Tasha ankandiseka kuti ndichepetse mandasi a kutchalitchi. Mwana wopanda mwambo ameneyu, koma chilungamo anali nacho.

Njira inatsetserekera kumbali, ndipo tinatulukira pansi pa chimwala chachikulu. Abale, sindiname, n'chokongola. Mwalawo ndi wogawikagawika ngati zisa za njuchi, ungati anachita kudula amisiri. Tasha anayamba kufotokoza, maso ali gwa pamwalapo, ine ndikumasulira. Akuti nthaka inang'ambika, munatuluka chiphalaphala cha moto chimene chinayenderera n'kukwirira zigwa zonse. Chitazizira chinauma n'kusweka chotero. Kenako, patapita zaka zosawerengeka, pamwamba pake panamera mitengo imene tinkaionayo.

A Ellah anaika dzanja pamwalapo, n'kukhala choncho kanthawi.

"Mufunse," anatero. "Zimene zinakwiririka pansipo, alipo anazifukula?"

Tasha Chichewa amamva. Anayang'ana ine, n'kuyang'ana pansi, n'kuyankha yekha ndi lilime lake lolemeralo: "Ayi, azakhali. Zili pompo."

A Ellah anagwedeza mutu, n'kukhala pa kamwala kena, n'kuvula nsapato imodzi kuti achotse kamchenga. Anayamba kuyankhula akuyang'ana nsapatoyo, mawu ali phee, ngati akunena za mtengo wa tomato ku Limbe.

"Pamalo pathu paja pamera udzu. Ena ayamba kudzalapo chimanga cha m'mbali. Ndikadutsa sindidziwanso kuti khomo linali pati." Anagogoda nsapatoyo pabondo. "A Melvin ankafunafuna tochi. Ndinawauza kuti siyani, tiyeni. Iwo anati, 'Tsogola, Ellah, ndikupeza pa msewu.' Ndinatsogoladi. Pa msewupo ndinaima mpaka kunayera."

Ndinali nditakonzeka kalekale za tsiku limeneli. Ndinkadziwa mawu oti ndidzanene, ndi vesi lomwe ndinali nditasankha. Zonse zinathawa. Ndinangoona ndakhala pansi, pamasamba. A Melvin ndi amene anandiperekeza ku Chileka tsiku limene ndinkabwera kuno, atasenza chikwama changa paphewa, akundiseka kuti ndikadzabwerera kumudzi ndidzakhala nditaiwala Chichewa. Maliro awo sindinalire, ndinali pa shifiti kuntchito.

Ndinalira mokweza, osasamala azungu awiri amene ankatsika ndi ndodo zawo. Tasha anaima chapatali, manja pakamwa. A Ellah anavala nsapato yawo, anasendera pafupi, n'kuyamba kundisisita pamsana.

"Lira, mng'ono wanga," anatero. "Ine ndinalira ndi anthu, bwalo lonse la sukulu. Iwe kuno unali wekha."