Lendi ya Kona ya a Misomali

Lipoti la wowerengera ndalama linafika Lachiwiri, pa 3 Juni. Bambo mwini shopu ya mipando analiwerenga ali chiimire, n'kuliponya patebulo la mlamu wake, mayi amene anali kapitawo wa shopuyo kwa zaka zinayi.

Mwezi wa Meyi, kona yokonzera mipando yakale inalowetsa 400,000. Nsalu, guluu ndi malipiro zinadya 310,000. Wowerengera ndalama anawonjezerapo 140,000, gawo la konayo pa lendi ndi malipiro a mlonda. Pansi analemba kuti yaluza 50,000. Mwini shopuyo anati konayo itsekedwe pa 30 Juni, ndipo a Misomali, bambo amene anakonza mipando pamenepo zaka 17, auzidwe lero lomwe.

Mayiyo anali kalipentala, sukulu ya zowerengera ndalama sanapiteko. Anapempha mphindi khumi, nachotsa pensulo pakhutu, n'kutola kachidutswa ka thabwa.

"Alamu, tikatseka kona ija, mlonda azilondera theka la geti?"

Mwini shopuyo anati si nthawi ya nthabwala. Mayiyo anaimbira mwini nyumba, foni ataikweza kuti onse amve, n'kufunsa ngati lendi ingatsike akachotsa katundu pakonapo. Mwini nyumba anaseka mpaka kutsokomola. Anati denga ndi limodzi, lendi ndi yomweyo, ndipo pa 1 asachedwe nayo.

Pathabwapo mayiyo analemba 400,000, nachotsa 310,000. Panatsala 90,000.

"Iyi ndi imene a Misomali amatithandiza nayo lendi mwezi uliwonse. Mukawachotsa, 140,000 ija sapita nayo kwawo. Itsala pompano, ndipo 90,000 muziitulutsa m'thumba mwanu."

Mwini shopuyo anafunsa ngati ndiye kuti lipotilo likunama. Mayiyo anati ayi, manambala ake ndi oona, kungoti wolembayo palibe anamufunsa kuti ndi ndalama ziti zimene zingasiye kutuluka konayo ikatsekedwa. Bamboyo anati mwezi umodzi si umboni. Mayiyo anatsegula kabati n'kutulutsa malipoti akale: Malichi panatsala 85,000, Epulo 96,000.

Bamboyo anayang'ana thabwalo nthawi yaitali, kenako analiika m'thumba la jekete. Potuluka anadzera kukona kuja. Anapeza a Misomali atawerama pa sofa yong'ambika, timisomali titatu tili pakamwa, osadziwa kanthu. Anawafunsa kuti sofayo itha liti.

A Misomali analavulira timisomalito m'dzanja. "Lachisanu, bwana."

"Ithedi Lachisanu. Ndipo nsalu ya Julaye muitanitsiretu."