Zaka Zisanu ndi Chimodzi za Pakati

"Mzere uwu uchoke, achemwali," anatero mng'ono wa malemu, chala chili papepala la mbiri yoti ikawerengedwe pa Misa ya maliro mawa lake.

Mlongo wawo, namwino wopuma pantchito, anali atagwada m'chipinda cha malemuwo ku seminale, akulongedza mabuku m'makatoni. Achimwene awo ansembewo anaphunzitsa za Mulungu pamenepo zaka makumi awiri, ndipo mbiri yawo inali yokoma kuimva: madigiri atatu, udokotala wa za Mulungu wa kunja, mabuku anayi, ansembe ochuluka odutsa m'manja mwawo. Koma pakatikati panali zaka zisanu ndi chimodzi pa kaparishi kakutali, kopanda magetsi, komwe anapita atangobwera kumene ndi udokotalawo.

Mng'onoyo, munthu wosavula tayi ngakhale dzuwa likuswa mtengo, ankati nkhaniyo ndi yodziwika: wophunzira chotere samuponya kutchire popanda chifukwa. Chinali chilango basi. Kuwerenga zimenezo pamaso pa episkopi n'kuvula m'bale wako pagulu. Namwino sanatsutse. Nayenso zinkamudya mumtima zaka zonsezi, koma sanalimbepo mtima kufunsa kuti achimwene analakwanji.

Namwino akunyamula buku la mapemphero la malemu, munagwa kalata yopindapinda, yotsala pang'ono kuduka m'mizere. Inali yochokera kwa episkopi wakale. Namwino anavala magalasi n'kuwerenga mokweza:

"Ndakukanizani kawiri. Popeza mwakakamira kuti simungaphunzitse ansembe za Mulungu musanakhale pamphasa ndi odwala ndi ofedwa, pitani. Koma mudzabwerenso, chifukwa seminale ikukusowani."

Mng'onoyo anakhala pabedi, pepala lili m'manja.

"Ndiye kuti anachita kupempha okha?"

"Katatu konse."

"Nanga osatiuza bwanji?"

"Ife tinawafunsa?"

Namwino anaseka misozi ikuyenderera, kudziseka yekha kuti wakalamba akuchita manyazi ndi chinthu choyenera kuyenda nacho mutu uli m'mwamba. Ananyada, ananyada kwambiri, ngakhale kunyadako kunabwera mochedwa.

Mng'onoyo anawerenganso kalatayo chamumtima. Kenaka anatsamiritsa pepala la mbiri lija pabondo, natulutsa cholembera m'thumba la malaya. Pamapeto pa mzere wa kaparishi kaja panali kampata kochepa, ndipo analembapo pang'onopang'ono, m'zilembo zikuluzikulu kuti wowerenga asadumphe: MWA KUFUNA KWAWO.