Wothira Madzi Pakhomo

Mgodi wa malasha utatsekedwa, thupi la Stoimen silinamve uthengawo. Linkadzukabe mbandakucha, kuvala nsapato zake zolemera zija, n'kukaima pakhomo. Mutu wokha ndi umene unkatsalira pansi pa nthaka, kumene nyali za anzake zinkayandama mumdima ngati ziphaniphani, ena mwa iwo oti adaikidwa kalekale.

Chimene ankadikira pakhomopo ndi madzi. Chikwatiranireni, mkazi wake Dobrinka ankathira kapu ya madzi patsogolo pake m'mawa uliwonse, kuti ulendo uyende ngati madzi, munthu abwereko wamoyo. Wa kumgodi satulukira pouma.

Tsiku limenelo nkhungu inatsika m'phiri n'kumeza mitengo ya maapozi, mpanda, ngakhale msewu womwe. Stoimen ankaona ngati khonde likuyandama. Potembenuka anapeza Dobrinka waima pambali pake, wavala jasi yake ya kutchalitchi, chikwama chili m'khwapa. Kapu alibe.

M'pamene anakumbukira. Mayiyu wapeza ntchito yosoka kufakitale ya m'tauni, ndipo lero ndi tsiku lake loyamba. Nkhaniyi anakanganirana mlungu wathunthu, Stoimen akuti sangadyetsedwe ndi singano anthu akuona.

"Ukupita kuti ndi nsapatozo, nkhalamba iwe?" anafunsa Dobrinka.

"Kokaona nkhuku."

"Nkhuku zakozo zasamukira pansi pa nthaka?"

Kumunsi kwa mudzi basi inaliza hutala, koma Dobrinka sanasunthe.

"Pouma ine sindiponda," anatero motsitsa mawu. "Basiyi ikandisiya, malowo apatsa wina. Zili kwa iwe."

Manyazi anamugwira, tisaname. Mwamuna wogumula miyala, lero azithira madzi pakhomo? Komabe miyendo inamutengera kukhitchini, komwe ankakudziwa ngati mlendo. Kapu sanaione. Anangonyamula poto amene anali pafupi, osasuzumiramo, n'kukakhuthula patsogolo pa mkazi wake. Nyemba zimene Dobrinka ananyika dzulo zinangoti mbwee pamasitepe.

"Zikuyendere ngati madzi," anatero Stoimen.

"Ndi nyemba zomwe," anayankha Dobrinka, akuseka koma maso atafiira. "Uzitole, uzitsuke. Mchere uthire zikapsa."

Anaponda ponyowa ndi mwendo wamanja n'kulowa munkhungu. Jasi inayamba kuzilala, kenako mutu, kenako kunatsala kugogoda kwa nsapato basi.

Stoimen anadikira kuti acheuke. Sanacheuke. Wotuluka sacheuka, ndipo iye mwini sadacheukepo n'kamodzi komwe. Anaima pomwepo, poto ali m'manja, mpaka kulira kwa basi kunathera kuseri kwa phiri. Nyumba kumbuyo kwake inali zii. Mantha amene sadawamvepo ngakhale denga la mgodi likung'aluka anamugwira, mantha akuti wapitayo mwina sabwera.

Ndiye kuti zaka zonsezi, iye akatuluka, mayiyu ankatsala ndi zimenezi?